Kompyuta ikapanda kuona khadi la netiweki: mmene mungalondolere vuto mpaka kulipeza

Pansi pa sikirini, kudzanja lamanja, pamene pamakhala chizindikiro cha Wi-Fi, pangotsala kampira ka dziko. Mu Settings mawu akuti Wi-Fi asoweratu. Waya wochokera ku router mwaulowetsa, mwauzula, mwaulowetsanso, koma kuli zii. Foni yanu ili pa Wi-Fi yomweyo ndipo ikuyenda bwinobwino. Zikatero vuto si bandulo, si router, komanso si kampani imene mumagulako intaneti. Kompyuta yanu sikuliona khadi la netiweki, kachipangizo kamene kamailumikiza ku Wi-Fi kapena ku waya wa intaneti.

Anthu ambiri zikafika apa amathamangira kufomata kapena kukagula khadi lina. Ndikupempheni kuti muyambe mwadekha kaye. Kufomata ndiko kumabweretsa vutoli kwa anthu ambiri, ndipo khadi latsopano lingakukaneninso pa chifukwa chomwe lakale lakukanirani. Funso loyamba ndi ili: kodi kompyuta ikuliona khadilo koma Windows ilibe driver yake, kapulogalamu koyendetsa khadilo, kapena khadilo silikuonekera n'komwe? Pa sikirini mavuto awiriwa amafanana, koma mankhwala ake ndi osiyana. Loyambalo limatha ndi foni ndi fulashi basi. Lachiwirilo limakupititsani ku BIOS, tsamba la zokonza za kompyuta limene limatseguka Windows isanayake, mwinanso m'kati mwa kompyuta. Zonse zimene zili m'munsimu cholinga chake n'choti mudziwe msanga mbali imene muli, musanawononge ndalama.

Ndalemba poganizira Windows 10 ndi Windows 11. Ogwiritsa ntchito Linux m'malo mwa Windows, gawo lanu lilipo chakutsogolo.

Choyamba: chotsani magetsi onse mu kompyuta

Ngati ndi laputopu, onani kaye ngati Airplane mode ili yoyatsa, komanso ngati pali batani la Wi-Fi pamzere wa F1 mpaka F12. Malaputopu akale a Dell Latitude ndi ThinkPad ali ndi kaswitchi m'mbali kamene kamasuntha kokha m'chikwama. Zimenezi ndi za mphindi imodzi.

Chofunika kwambiri ndi ichi. Kuyambira pa Windows 8, mukadina Shut down kompyuta sizima kwenikweni. Pali chinthu chotchedwa Fast Startup chimene chimasunga mmene ma driver analili kuti poyatsa isachedwe, ndiye ngati khadi linasokonezeka, limadzuka lili losokonezeka chomwecho. Gwirani batani la Shift pamene mukudina Shut down kuti izime zenizeni. Ikazima, zulani pulagi kukhoma, zulani waya wa netiweki, ndipo ngati ndi laputopu yochotseka batire, lichotseni. Kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30 kompyuta ilibe magetsi, n'kubwezeretsa zonse.

Chifukwa chake n'chakuti kachipangizo ka netiweki ka pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, kamalandirabe magetsi pang'ono ngakhale kompyuta ili yozima, malinga ngati pulagi ili kukhoma. Anakapanga choncho kuti kompyuta izitha kudzutsidwa kudzera pa waya, zimene amati Wake-on-LAN. Magetsi akathima mwadzidzidzi n'kubweranso, kachipangizoka nthawi zina kamangouma, ndipo Restart ngakhale kakhumi siingakadzutse chifukwa magetsi ake sanachokepo. Kumene magetsi amathimathima, njira imeneyi yokha imapulumutsa makompyuta ambiri amene eni ake anali atawataya kale mtima.

Mukayatsanso, yang'anani kuseri, pabowo polowera waya wa netiweki. Mabowo ambiri ali ndi timagetsi tiwiri, kena kobiriwira kena kachikasu. Ngati kena kayaka ndipo kena kakuphethira, kachipangizoko kali moyo ndipo kakumvana ndi router. Ngati tonse tili tozima, yesani waya wina komanso bowo lina la pa router musanaganize zoipa.

Chachiwiri: funsani Device Manager

Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, n'kusankha Device Manager. Pa mndandanda umene ubwere, tsegulani Network adapters.

Apa ambiri amapusitsika. Muona mizere ingapo yolembedwa WAN Miniport, mwinanso Bluetooth Device, n'kuganiza kuti makhadi alipo ambiri. Amenewo si makhadi enieni, ndi zinthu za Windows yomweyo. Khadi lenileni limakhala ndi dzina la kampani: Realtek PCIe GbE Family Controller, Intel Ethernet Connection I219-LM, Intel Wi-Fi 6 AX201, kapena dzina loyamba ndi Qualcomm, MediaTek kapena Broadcom. Laputopu yokhala ndi bowo la waya iyenera kuonetsa awiri, la waya ndi la Wi-Fi.

Ngati dzina lilipo koma pachizindikiro chake pali kamuvi koloza pansi, wina analitseka. Dinani pamenepo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Enable device, nkhani yatha.

Ngati dzina kulibe, tsikani kapena kwerani pa mndandandawo mufune gulu lotchedwa Other devices. Mukapezamo Ethernet Controller kapena Network Controller yokhala ndi kachizindikiro kachikasu, pumani ndithu, khadi lanu ndi lamoyo. Ethernet Controller ndi la waya, Network Controller nthawi zambiri ndi la Wi-Fi. Mukatsegula Properties muona Code 28, kutanthauza kuti driver palibe. Izi ndi zimene zimachitika pambuyo pofomata.

Ngati dzina lilipo pansi pa Network adapters koma lili ndi kachizindikiro kachikasu, ndipo Properties ikunena Code 10 kapena Code 43, driver ilipo koma khadi likukanika kuyamba ntchito. Gawo lachisanu ndi lanu.

Ndipo ngati mwafufuza ponseponse osapeza kanthu, dinani Action, kenako Scan for hardware changes. Kukakhalabe zii, dinani View n'kusankha Show hidden devices. Dzina la khadi likaoneka lotuwa, lili ndi Code 45, ndiye kuti Windows ikulikumbukira koma panopa sikulipeza. Driver siingathandize pamenepa ngakhale mutaika zingati. Dumphani mupite ku gawo la BIOS.

Chachitatu: dziwani dzina lenileni la khadi lanu

Pano ndiye pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalumpha. Amawerenga dzina la laputopu pachivundikiro, n'kutsitsa driver yoyamba imene yabwera, ikakana n'kunena kuti khadi lafa. Koma laputopu za mtundu umodzi, zogulidwa tsiku limodzi, zimatha kukhala ndi makhadi a Wi-Fi osiyana, ina Intel, ina Realtek, ina Qualcomm, malinga ndi zimene kufakitale anali nazo nthawi imeneyo. Ndiponso makompyuta akaunjika ambiri anasinthidwapo kale zipangizo asanafike kwa inu.

Khadi lililonse lili ndi nambala yake imene limauza kompyuta ngakhale driver palibe, ngati nambala ya pa chiphaso cha unzika. Kuti muione, dinani kawiri pa Ethernet Controller kapena Network Controller ija, pitani pa Details, ndipo pamene palembedwa Property sankhani Hardware Ids. Muona mizere ingapo yofanana ndi uwu:

PCI\VEN_10EC&DEV_8168&SUBSYS_...

Zofunika ndi zilembo zinayi zotsatira VEN ndi zinayi zotsatira DEV. VEN ndi kampani imene inapanga kachipangizoko, DEV ndi mtundu wake. 10EC ndi Realtek. 8086 ndi Intel. 14E4 ndi Broadcom. 168C ndi Qualcomm Atheros. 14C3 ndi MediaTek. Chitsanzo chili pamwambachi, 10EC ndi 8168, ndi banja la Realtek RTL8111 ndi RTL8168, limene lili m'makompyuta ochuluka zedi. Mukaona 8136 m'malo mwa 8168, ndi mbale wake wocheperako liwiro, wa 100 Mbps, wopezeka m'malaputopu otsika mtengo. 8125 ndi latsopano la 2.5 Gbps. Ngati khadi lanu ndi lobaya pa USB, mzerewo uyamba ndi USB\VID_ ndi PID_, ndipo pamenepo nambala ya Realtek imakhala 0BDA.

Jambulani mzerewo ndi foni. Polemba pamanja n'zosavuta kusokoneza 0 ndi D, kapena 8 ndi B. Kenako pa foni yomweyo lembani VEN ndi DEV zija mu Google, dzina la khadi lituluka.

Chachinayi: kupeza driver kompyuta ilibe intaneti

Njira yachidule ndi foni ya Android. Ilumikizeni ku kompyuta ndi waya wa USB, lowani mu Settings ya foniyo, pezani Hotspot and tethering, yatsani USB tethering kuti foni igawire kompyuta intaneti yake. Windows 10 ndi 11 zimazindikira foni yotere popanda driver ina, ndipo imaoneka ngati intaneti ya pa waya. Ngati mawu akuti USB tethering akukana kudinika, kawirikawiri vuto ndi waya: mawaya ambiri otchipa ndi otchajira chabe, mulibe timawaya tonyamula uthenga. Sinthani waya. Ndi iPhone zimavutirapo chifukwa Windows imafuna kaye driver ya Apple, ndiye ngati pali mnzanu wa Android pafupi, bwerekani yake.

Chenjezo la bandulo: Windows yongoikidwa kumene ikanunkhiza intaneti imayamba kutsitsa ma update ambirimbiri osakufunsani, ndipo bandulo ya mwezi imatha musanamalize kumwa tiyi. Mukangolumikiza, pitani ku Settings, Network & Internet, Ethernet, n'kuyatsa Metered connection. Ine ndimakonda njira yosalumikiza n'komwe: tsitsani driver pa foni penipenipo, n'kuisamutsira ku kompyuta ndi waya ngati mmene mumasamutsira zithunzi. Mumadziwa ndendende kukula kwa chimene mwatsitsa.

Koitenga driver, yambani ndi webusaiti ya kampani imene inapanga kompyuta. Dell ili ndi Service Tag ya zilembo 7 pa kapepala ka pansi kapena kuseri. HP ndi Lenovo zili ndi serial number pamalo omwewo. Mukailemba pa tsamba lawo la support, muona ma driver a kompyuta yanu, ndipo poti mukudziwa kale kuti khadi lanu ndi la kampani iti, musankha yolondola pa atatu kapena anayi amene alipo. Ngati kumeneko kulibe, Intel ndi Realtek ali ndi masamba awoawo. Palinso Microsoft Update Catalog, kumene mungafufuze pogwiritsa ntchito VEN ndi DEV zomwe zija. Onetsetsani ngati Windows yanu ndi ya 64-bit kapena 32-bit. Windows 11 yonse ndi 64-bit, pamene Windows 10 ilipo ya mitundu yonse iwiri, ndipo mungaone yanu mu Settings, System, About.

Masamba aja okhala ndi batani lalikulu lobiriwira lolonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi, apeweni. Ambiri amakuikirani pulogalamu yofuna ndalama, ena amabwera ndi zoipa zina, ndipo driver imene mukufunayo ndi yaulere kwa eni ake.

Ngati mwatsitsa fayilo yothera ndi .exe, ingoitsegulani n'kutsatira zimene ikunena. Ngati ndi .zip kapena .cab, tulutsani zonse za m'katimo muziike mu foda imodzi. Bwererani ku Device Manager, dinani khadi lija ndi batani lakumanja, Update driver, kenako Browse my computer for drivers. Lozani foda ija, chongani Include subfolders, dinani Next. Windows ifufuza yokha fayilo ya .inf yogwirizana ndi nambala ya khadi lanu. Njira imeneyi ndi yothandiza kwambiri pa makompyuta akale amene kampani inasiyira ma driver pa Windows 7 kapena 8.1. Pulogalamu yoikira imatha kukana n'kunena kuti Windows yanu siikuidziwa, koma mukaloza foda pamanja, driver yomweyo nthawi zambiri imalowa n'kugwira ntchito. Ngati mu Other devices muli zinthu zina zambiri zachikasu, ikani kaye driver ya chipset, ija yoyendetsa motherboard, kenako ya netiweki.

Pali msampha wina wa Windows 11. Poiika kumene, imafika pa tsamba lofuna intaneti, koma khadi silikuoneka, ndiye simungapitirire. Lumikizani foni ndi USB tethering pomwepo, imagwira ntchito ngakhale pa tsamba limenelo. Apo ayi, ikani foda ya driver pa fulashi, dinani Shift ndi F10 kuti patseguke windo lakuda lolembamo malamulo, n'kulemba:

pnputil /add-driver D:\*.inf /subdirs /install

M'malo mwa D ikani chilembo cha fulashi yanu. Ikakana yesani E kapena F.

Chachisanu: driver ilipo koma khadi likukana

Za Code 10 ndi Code 43. Ganizirani kaye chimene chinachitika vuto lisanayambe. Ngati linayamba pambuyo pa update, tsegulani Properties, pitani pa Driver, dinani Roll Back Driver kuti mubwerere pa yakale. Ngati batanilo ndi lotuwa, konzekeranitu driver yabwino pa fulashi, kenako sankhani Uninstall device n'kuchonga kabokosi kofunsa zochotsa driver yonse. Popanda kuchonga pamenepo, Windows imangobwezeretsa yowonongeka yomwe ija. Chitaninso zochotsa magetsi zija za poyamba, yatsani, n'kuika yatsopanoyo.

Khadi limene limasowa laputopu ikadzuka kutulo, koma n'kubwera mukapanga Restart, lili ndi vuto lina. Mu Properties, ngati pali tsamba la Power Management, chotsani chongi pa mawu akuti Allow the computer to turn off this device to save power.

Ngati Device Manager ikuti khadi la Wi-Fi lili bwinobwino koma maina a ma Wi-Fi sakubwera, dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani WLAN AutoConfig ndipo onetsetsani kuti ili pa Automatic komanso ikuyenda. Pomaliza pali Network reset mu Settings, pansi pa Network & Internet. Imachotsa makhadi onse n'kuwaikanso, koma imafufutanso mapasiwedi a Wi-Fi ndi zokonza za VPN, choncho lembanitu penapake zimene mudzazifune.

Ndinenepo za Windows yodulidwa, ija imene ena amaika ponena kuti ndi yopepuka ndipo imathamanga pa kompyuta yakale. Kuti ipepuke choncho, wina anachotsamo ma driver ndi zinthu zina zimene netiweki imadalira. Ngati yanu ndi yotero ndipo zonsezi zakanika, apa pokha ndi pamene ndingavomereze kufomata, koma muikemo Windows yeniyeni yochokera ku Microsoft.

Chachisanu ndi chimodzi: BIOS

Tabwera ku mbali yachiwiri, pamene khadi silikuoneka paliponse. Musanagwire screwdriver, onani ngati silinatsekedwe mu BIOS. Izi zimachitika kawirikawiri pa makompyuta akaunjika amene kale anali a m'maofesi a makampani akunja, kumene akatswiri awo ankatseka Wi-Fi kapena bowo la waya dala pa zifukwa za chitetezo. Khadi lotsekedwa mu BIOS, Windows siiliona ngakhale pang'ono.

Mukangodina batani loyatsira, yambani kudina mobwerezabwereza F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad, kapena Delete pa makompyuta ambiri omanga ndi motherboard ya Asus, MSI kapena Gigabyte. Pa Dell OptiPlex ndi Latitude funani Integrated NIC, ikhale pa Enabled, ndipo za Wi-Fi zili pa Wireless Device Enable. Pa HP za m'maofesi pitani ku Advanced, Built-In Device Options, muone Embedded LAN Controller ndi mzere wa Wireless. Pomwepo pali LAN/WLAN Auto Switching, imene imazimitsa Wi-Fi mukangolowetsa waya, ndipo yasokonezapo anthu ambiri. Pa ThinkPad zili ku Security, I/O Port Access. Pa ma motherboard ena funani Onboard LAN.

Muli momwemo, yang'anani deti. Ngati labwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka CR2032, katha mphamvu, ndipo BIOS ikuiwala zimene munakonza nthawi iliyonse magetsi akachoka. Kabatireka n'kotchipa, kasintheni.

Pali batani lobwezera zonse mmene zinachokera kufakitale, Load Defaults. Limathandiza, koma samalani nalo. Lingasinthe mmene hard disk imalumikizidwira, pakati pa AHCI ndi RAID, n'kuchititsa kuti Windows ikane kuyaka. Jambulani tsamba limenelo musanadine. Ndipo ngati disk yanu ndi yokhoma ndi BitLocker, khalani ndi kiyi yake ya manambala 48 pafupi, chifukwa kusintha za mu BIOS kungachititse kuti ikufunseni. BIOS ikakhala ndi pasiwedi imene simukuidziwa, bwererani kwa amene anakugulitsani.

Chachisanu ndi chiwiri: yatsani ndi fulashi ya Linux

Iyi ndi njira imene imathetsa mkangano. Ikani Ubuntu kapena Linux Mint, imene ndi mitundu ya Linux, pa fulashi, yatsani kompyuta kuchokera pa fulashiyo, n'kusankha kuyesa chabe osati kuika. Mafayilo anu sakhudzidwa. Linux imabwera ndi ma driver a makhadi ambiri m'kati mwake, ndiye ikangoyaka intaneti n'kugwira, mwadziwa kuti khadi ndi labwino ndipo vuto lili mu Windows. Ikapanda kugwira, tsegulani Terminal mulembe:

lspci -nnk | grep -iA3 net

Lamuloli limaonetsa zipangizo za netiweki zimene motherboard ikuziona, manambala omwe aja olembedwa motere 10ec:8168, ndi driver imene ikugwira ntchito pa mzere wa Kernel driver in use. Za pa USB zimaoneka ndi lsusb. Ngati khadi silikutuluka apa, pamene mu BIOS ndi lotsegula, ndiye kuti vuto ndi la chipangizo chenichenicho: lasuntha pamalo pake kapena lafa.

Kwa inu amene Linux ndiyo yanu ya tsiku ndi tsiku: khadi likaoneka mu lspci koma Wi-Fi kulibe, lembani rfkill list. Soft blocked imatseguka ndi sudo rfkill unblock all, pamene Hard blocked ndi kaswitchi, batani la pa kiyibodi kapena BIOS. Kenako lembani sudo dmesg | grep -i firmware kuti muone ngati pali fayilo ya firmware imene ikusowa. Debian isanafike pa nambala 12, imene inatuluka mu 2023, fulashi yake yoikira yovomerezeka sinkabwera ndi firmware ya makhadi ambiri a Wi-Fi, ndiye pamafunika kuika firmware-iwlwifi kapena firmware-realtek pamanja. Makhadi ena a Broadcom amafuna driver ya kampaniyo, imene mu Ubuntu imapezeka pa Additional Drivers, ndipo Secure Boot ingaikanize kuyamba. Komanso khadi latsopano silimvana ndi kernel yakale: Intel AX200 imafuna kernel 5.1 kupita m'tsogolo, AX210 imafuna 5.10. Lamulo la uname -r likuuzani yanu.

Chachisanu ndi chitatu: kutsegula kompyuta

Zulani pulagi, dinikizani batani loyatsira kwa kanthawi, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta musanakhudze za m'kati kuti magetsi a m'thupi achoke. Ngati kompyuta idakali pa warranty, ibwezeni kumene munagula m'malo moitsegula.

Pa kompyuta ya patebulo yokhala ndi khadi lochita kulowetsa mu slot ya PCIe, bowo lalitali la pa motherboard, masulani screw imodzi ya kuseri, likokeni molunjika m'mwamba. Yang'anani timizere tagolide ta m'munsi mwake. Ngati tada, tipukuteni mofatsa ndi labala yofufutira pensulo, n'kuchotsa zinyenyeswa ndi kansalu kouma. Uzirani fumbi la mu slot, libwezereni, likankheni mpaka golide yense abisike. Khadi lopendekeka pang'ono chabe, mwina chifukwa choti kompyuta inanyamulidwa pa msewu wa mabampu, limasowa mu Device Manager ngati lafa. Likakanabe, yesani slot ina. Khadi lalifupi la x1 limalowa n'kugwira ntchito ngakhale mu slot yaitali ya x16.

Pa laputopu, chotsani chivundikiro cha pansi ndipo choyamba muzule waya wa batire. Khadi la Wi-Fi silivuta kulizindikira: ndi kakang'ono, mamilimita 22 m'lifupi ndi 30 m'litali ngati ndi M.2, kokulirapo pang'ono ngati ndi mini PCIe yakale, ndipo pamakhala timawaya tiwiri towonda, kawirikawiri kakuda ndi koyera, tochokera ku sikirini. Timeneto ndi ta eriyo. Jambulani kaye kuti mudziwe kali pati ndi kati. Tikwezeni molunjika ndi chikhadabo, pogwira kamutu kachitsulo osati waya. Mukamasula screw, khadilo limadzuka lokha mopendekeka. Lisololeni, libwezereni mopendekeka chomwecho, litsitseni, mangani. Pobwezera timawaya, ikani kamutu ndendende pamwamba pa kabowo kake, n'kudinikiza mpaka mumve kuti thwa. Mukakakamiza kali kokhota, kamaphwanyika.

Dziwani kuti eriyo yozuka imangofooketsa Wi-Fi, siichititsa kuti khadi lisowe. Dziwaninso kuti pa makhadi ambiri Wi-Fi imadutsa pa PCIe pamene Bluetooth ya pa khadi lomwelo imadutsa pa USB. N'chifukwa chake Bluetooth imatha kugwira ntchito Wi-Fi itasowa, ndipo zimenezi sizitsimikizira kuti khadi lonse lili bwino.

Ngati mukugula lina, pali misampha iwiri. Makhadi a Intel a 9560, AX201 ndi AX211 ndi a mtundu wa CNVi: mbali ina ya ntchito yawo imachitikira mu chipset ya Intel, ndiye pa laputopu ya AMD kapena ya Intel yakale amalowa bwinobwino mu slot koma saoneka. Anzawo a 9260, AX200 ndi AX210 ndi okwanira paokha. Msampha wachiwiri uli pa ThinkPad ndi HP zakale, zimene BIOS yake ili ndi mndandanda wa makhadi ololedwa. Mukaika lachilendo, ThinkPad imaima ndi uthenga woyamba ndi 1802, HP ndi woyamba ndi 104. Pa zotere gulani khadi lochokera mu laputopu ya mtundu womwewo.

Ngati lafadi

Bowo la waya la pa motherboard silichoka, ndipo chimene chimalipha kawirikawiri ndi mphenzi. M'nyengo ya dzinja anthu amakumbukira kuzula pulagi kukhoma koma amaiwala waya wa netiweki, makamaka uja wodutsa panja kuchokera nyumba ina kupita ina. Zizindikiro zake n'zakuti vuto linayamba mvula ya ziphaliwali itangodutsa, timagetsi ta pabowo tili tozima kapena tangoyaka osaphethira ngakhale waya mulibe, ndipo nthawi zina bowo la pa router limene wayayo analowa nalonso lafa. Mukatsegula mungaone kadontho kakuda pafupi ndi bowolo.

Musataye motherboard chifukwa cha zimenezi. Pa kompyuta ya patebulo gulani khadi la gigabit la PCIe, ndipo ngati bokosi lanu ndi lija lopyapyala la OptiPlex kapena EliteDesk, funsani lokhala ndi kachitsulo kakafupi ka low profile, apo ayi silikwana. Pa laputopu gulani adaputa ya USB kupita ku Ethernet. Zokhala ndi Realtek RTL8153 kapena ASIX AX88179 m'kati ndi zodalirika, ndipo muzizibaya pa USB 3.0, ija yabuluu m'kati, chifukwa USB 2.0 malire ake ndi 480 Mbps. Pitani ndi laputopu yanu kusitolo mukayesere pomwepo. Tima USB tina ta Wi-Fi tikabayidwa koyamba timaoneka ngati CD mu This PC: driver ili m'menemo, itseguleni muiike. Mukatha, katsekeni khadi lakufalo mu BIOS kuti lisamasokoneze. Ngati ndi kuofesi, auzeni oyang'anira netiweki, chifukwa khadi latsopano lili ndi MAC address ina, nambala imene limadziwika nayo pa netiweki, ndipo router ingalikane ngati inakonzedwa kulola odziwika okha.

Intaneti ikangobwerera, sungani ma driver anu tsiku lomwelo. Pangani foda pa fulashi, muitche madriver. Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, n'kulemba:

pnputil /export-driver * E:\madriver

Apanso E ndi chilembo cha fulashi yanu. Ma driver onse amene munachita kuika akopedwa m'menemo, kuphatikizapo a waya ndi a Wi-Fi. Lembani dzina la kompyutayo pa fodayo ngati muli ndi makompyuta angapo. Tsiku lina mukadzafomata, mudzangoloza Update driver ku foda imeneyi n'kuchonga Include subfolders.